Kope la Tulo

Anabwera pa kabaza mtsikana uja, Zelesi,
fumbi la msewu wa Mwansambo lili m'nsidze,
pepala la mafunso atalipana pa kathabwa.
"Mayi, soya mumadya kangati pa sabata?
Nanga usiku mumadzidzimuka kangati?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Soya ine ndimalima, mwanawe, sindidya.
Amalowa m'thumba, nakwera sikelo ya venda
ija imanama iwe uli maso,
napita kutauni,
nabwerako m'kapepala konyezimira atasintha dzina, ati nyama,
mtengo wake ngati sanabadwire pano.

Za tulo ndiye usafunse.
Chilekereni mwezi kundiyendera, chaka chachitatu chino,
moto umayaka pansi pa nthiti pakati pa usiku,
nukwera m'khosi, nufika m'makutu.
Ndimafunda, ndimafundula, ndimafundanso.
Chitenje chimanyowa ngati ndachivuula mumtsinje.
A Bisalomu pambalipa mkonono uli pakamwa
ngati chigayo cha dizilo cha pa Mkaika,
ine ndikuwerenga malata:
khumi ndi anayi, limodzi lodontha.

Iye anati m'kanjere kameneka muli kanthu,
dzina lake lalitali, aisofulavoni.
Ndinalitchula katatu lilime likupunthwa.
Ati kamafanana pang'ono ndi chimene thupi la mkazi
limayamba kusowa pa msinkhu wangawu.
"Ndiye kamagonetsa?"
Anakanda m'mutu ndi cholembera.
"N'chimene tikufufuza. Ena akuti inde. Sitinatsimikize."
Ndinamukonda pomwepo.
Wogulitsa mankhwala m'basi
sindinamumvepo akuti sindikudziwa.

Ndiye pokolola ndinabisa ndowa imodzi kuseri kwa chitseko,
venda akufunsa ngati zathera pomwepa, ine eya.
Ndinakazinga pachiwaya mpaka fungo lachiwisi litathawa,
ndinapeta, ndinasakaniza ndi chimanga, ndinakagayitsa.
Phala m'mawa, kapu ina madzulo.
Ndinapeza kope lakale la Lekeleni, la masamu,
lotsala masamba asanu kumapeto:
ndikagona bwino ndichonga,
ndikachezera ndithetha,
ngati mphunzitsi wa sitandade thuu.

Lolemba ndinathetha.
Lachiwiri ndinathetha.
Lachitatu ndinachonga, koma kunaomba mwera, kunazizira.
Lachinayi udzudzu unapeza chiboo cha neti
nuitana abale ake onse a kudambo.
Lachisanu sindikumbuka, cholembera chinasowa.

Sabata yachinayi usiku wina ndinagona ngati chipika.
Ndinadzuka nkhuku zitatuluka kale,
mbuzi ikulira pachingwe, dzuwa lili pakhomo,
thupi lopepuka ngati la mtsikana wopita kudansi.
Koma dzulo lakelo n'kuti nditamaliza
ngongole ya banki m'khonde,
mayi Fanesi atafufuta dzina langa ine ndikuona.
Tsono ndichongere yani,
soya kapena ngongole?

Ndipo usiku umene Lekeleni anaimba kuchokera ku Joni,
patatha miyezi iwiri foni ili zii,
nati amayi ndili bwino, anangondibera foni,
ndinagonanso, ngakhale phala sindinamwe tsikulo.

Zelesi akadzabwera ndidzamupatsa kopeli
ndi zala zanga zamafuta zili pachikuto.
Ndidzati, mwanawe, pepala lako lili ndi mizere iwiri,
wa chakudya ndi wa tulo.
Onjezera wa udzudzu, wa mwera,
wa mwana ali kutali,
wa mkonono wa a Bisalomu.
Ukachotsera zonsezo, chotsalacho mwina n'cha soya,
ndipo ukachipeza udzandiuze, usadzangopita.

Pakali pano ndowa yafika pakati.
Zochonga zachulukirapo, zitatu kapena zinayi,
sindilumbira.
Moto uja umabwerabe, koma masiku ena
umagogoda kaye usanalowe.

A Bisalomu, amene tulo sanalisowepo chibadwire,
ndiwo ayamba kufunsa phala loonjezera.
Ndawauza kuti akalime wawo.